Kuseri kwa khadi

Ndinalowa ntchito ya m'laibulale mu 1977, ndili kamtsikana kongotsiriza kumene Fomu 4 ndi kosi yotayipa. Anandikhazika pakona kufupi ndi windo, patsogolo panga pali tayipi yolemera ngati mtondo, pambali pake mulu wa makhadi oyera. Khadi lililonse linali la masentimita 12.5 m'litali ndi 7.5 m'lifupi, lili ndi kabowo kamodzi m'munsi. M'kabowo kameneko ndimo munkadutsa kachitsulo ka m'dilowa, kuti wina akakoka dilowa mwamphamvu n'kuligwetsa, makhadi asamwazike pansi.

Buku limodzi linkadya makhadi atatu kapena kuposerapo: la dzina la mlembi, la mutu wa buku, ndi la nkhani imene bukulo likukamba. Ukaphonya chilembo unkapala ndi lezala pang'onopang'ono kuti khadi lisabooke. Ukamaliza kutayipa unkapita nawo kukabati kukawalowetsa motsata afabeti, koma sunkaloledwa kuwatsitsa. Unkawasiya atakhala pamwamba pa kachitsulo kaja, mitu ili tumphu, kufikira mkulu wa chipinda chathu atadutsa, kuwaona limodzi limodzi, kenako kusolola kachitsulo n'kuwagwetsera m'malo mwake. Ankatiuza kuti khadi lolowa pamalo olakwika ndi buku lotayika, ngakhale bukulo lili phee pashelefu.

Mayina ndiwo ankatizunguza mutu. Chilankhulo chathu chinali chitasintha dzina mu 1968, kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa, koma mabuku akale ankati Nyanja, ena Mang'anja, monga dikishonale ya David Clement Scott ya 1892. Dziko lenilenilo linali Nyasaland m'mabuku ena, Malawi m'mabuku ena. Mlembi wa Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, pena ndi Ntara, pena Nthara. Choncho tinkatayipa makhadi olozera, opanda buku kumbuyo kwake, ongouza wowerenga kuti chimene akufuna akachione pakuti. Tayipi yathu inalibe w wa kachipewa, ndiye ukatayipa Malaŵi unkatenga cholembera n'kumuveka kachipewako ndi dzanja. A Phiri ndi a Banda okha ankadzaza dilowa, ndipo unkayenera kudziwa kuti D. D. Phiri si Kings Phiri ayi.

Zonsezi zinali za laibulale. Nkhani imene yandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi ya bokosi la munthu mmodzi.

Anali abusa opuma, aatali, ovala jekete yakuda ngakhale mu Okutobala. Anayamba kubwera cha m'ma 1981. Ankalemba mbiri ya masukulu a m'midzi ya kwawo ndi ya anthu amene anaphunzira m'menemo. Ankalowa atapanira bokosi la nsapato za Bata m'khwapa, lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Tsiku lina anaima patebulo langa n'kupempha khadi limodzi lowonongeka. Ndinawapatsa. Sabata yotsatira ndinapeza kuti analitenga ngati muyeso: anali atadula zikuto za mafayilo akale, mulu wonse, kukula kwake chimodzimodzi ndi makhadi athu.

Ndinawafunsa chifukwa chimene ankavutikira chomwecho pamene makope ali mbwee m'sitolo.

"Mwana wanga," anatero, "kope limakulamula kuti chimene unayamba kulemba chikhale poyamba mpaka kalekale. Khadi limasamuka. Lero lili ndi anzake a njala, mawa ndilitengera kwa anzake a sukulu."

Ndiye anandionetsa. Khadi limodzi, chinthu chimodzi. Kumaso kwake ankalembako kumene chinthucho achitenga. Likakhala buku, ankalemba mlembi, mutu, chaka, kumene linasindikizidwa ndi tsamba lenileni. Ndikukumbukira khadi la Independent African, buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958 lonena za John Chilembwe, linali litada ndi zala. Ikakhala kalata ya boma la atsamunda, ankalemba nambala ya fayilo monga anaipezera ku National Archives ku Zomba, kumene ankapita pa basi kamodzi kapena kawiri pachaka, ndalama zikapezeka. Nthawi zina ankafikanso ku Blantyre kukawerenga magazini akale a Society of Malawi.

"Mlaliki akangoti Baibulo likutero, osatchula buku, mutu ndi ndime," anandifunsa, "akhristu amutsutsa bwanji? Nanga amuvomereza bwanji?"

Makhadi ochuluka kwambiri sanali a mabuku. Anali a anthu. Abusawo ankayenda panjinga ndi wailesi ya kaseti, mabatire ali m'thumba la jekete, kukacheza ndi nkhalamba: amene anagwira thangata m'minda ya azungu, asilikali a KAR amene anakafika ku Burma, amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ulendowo usanaimitsidwe mu 1974, amayi amene anapulumuka njala ya 1949. Pakhadi la munthu ankalemba dzina, mfunda wake, mudzi, mfumu, tsiku, nambala ya kaseti, ndiponso amene anakhala nawo pakhonde pomwepo, chifukwa, ankatero, munthu amalankhula mosiyana apongozi ake akakhala pafupi. Pansi pake ankalemba liwu limodzi mwa awiri: "anaona" kapena "anamva". Akalemba "anamva" ankawonjeza kuti anamva kwa yani. Aliyense amene anakhalapo pabwalo la milandu kwa mfumu akudziwa kuti funso loyamba kwa mboni ndi lomwelo.

Kumaso kunali kwa inki. Kuseri kunali kwa pensulo, ndipo kuseriko ndiko kunali abusa eniake. Ankalembako zimene iwo akuganiza za chinthucho. Pakhadi la kalata ya DC analemba kuti mzunguyu analemba izi ali pa boma, kumudziko sanafike. Pakhadi la mayi wina analemba kuti anafotokoza za 1949 mosadodoma mpaka pamene anafika pa mwamuna wake, pamenepo anasiya n'kuyamba kukamba za mvula. Pa lina analemba kuti bambo awa akusokoneza nkhondo ziwiri, koma za mtengo wa chimanga akunena zoona, zikugwirizana ndi khadi lakutilakuti. Buku la Megan Vaughan lonena za njala yomweyo litatuluka mu 1987, analiwerenga mwezi wathunthu patebulo la pakona, n'kumatembenuza makhadi awo kuona pamene akugwirizana ndi pamene akusiyana.

Panali chinanso. Masiku amenewo pepala linkatha kumangitsa mwini wake. Lamulo la 1968 linapatsa boma mphamvu yoletsa mabuku, ndipo mabuku oletsedwa anali ambiri. Mayina ngati a Chipembere ndi a Chiume, nduna zimene zinasemphana ndi Kamuzu mu 1964, sankatchulidwa mokweza. Nkhalamba zina, zikazolowerana ndi abusa, zinkafika pa nkhani za zaka zimenezo: za achibale amene anathawira kunja, za nyumba zimene zinatenthedwa. Pa makhadi otere abusa sankalemba dzina. Ankalemba nambala. Mayina a manambalawo anali kwina, ndipo ine sindinafunse kuti kuti. Tonse tinkadziwa kuti chimene sukuchidziwa sangakufinye nacho.

Kompyuta inafika pathu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Inali imodzi, yofunditsidwa nsalu ngati mwana wakhanda, m'chipinda chimene munkalowa anthu owerengeka. Pulogalamu yake inali CDS/ISIS, imene bungwe la UNESCO linatulutsa mu 1985 kuti iziyenda pa makompyuta ang'onoang'ono, ndipo linkaipereka ulere. N'chifukwa chake malaibulale ambiri a m'maiko osauka anayambira pamenepo. Inalibe zithunzi kapena mbewa, zilembo zokhazokha pagalasi. Chilichonse chinali ndi nambala yake: mlembi pa nambala yakuti, mutu pa nambala yakuti. Alembi akakhala awiri unkawalekanitsa ndi chizindikiro cha %. Pofufuza, * ankatanthauza "ndi", + ankatanthauza "kapena", ndipo ukaika $ kumapeto kwa liwu lodula, inkakubweretsera mawu onse oyamba choncho. W wa kachipewa sinkamudziwa, ndipo pagalasi sungajambulepo ndi cholembera, ndiye kachipewa kanathera pomwepo.

Sindidzaiwala tsiku limene ndinalemba mawu awiri, kukanikiza batani, n'kuona mabuku khumi ndi anayi atandandalika m'kuphethira kwa diso, ntchito imene m'madilowa ikananditengera masana onse. Ndinaikonda kompyutayo ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero ndimaiyamika.

Zipani zambiri zitabwera, pa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, mantha anayamba kusungunuka. Abusa anali atakalamba, maso akuchita chidima. Mu 1996 ndinapempha chilolezo kwa akuluakulu anga kuti Loweruka masana ndiziwalowetsera makhadi awo m'kompyuta. Anandilola. Ndinakonza fomu yake motengera ya laibulale: mlembi, mutu, chaka, malo, tsamba, nkhani. Iwo ankawerenga, ine ndikutayipa. Magetsi akathima tinkadikira, osadziwa ngati khadi lomaliza lalowa. Makhadi anali oposa chikwi, ndipo tinatha miyezi isanu ndi itatu.

Tsiku lomaliza ndinawauza kuti atchule liwu lililonse. Anati, "Njala." Ndinalemba. Makhadi onse a njala anatuluka, a m'mabuku, a ku Zomba, a m'midzi, amene m'bokosi anali atabalalika m'magulu osiyanasiyana. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Kenako anatenga khadi limodzi, kulitembenuza, n'kundifunsa kuti, "Nanga zakuserizi, mwana wanga?"

Fomu yanga inalibe malo ake. Sikuti pulogalamuyo ikanakana. Ndikanatha kuwonjezera nambala ina n'kuitcha "maganizo a abusa". Koma ine ndinaphunzira ntchito pa makhadi a laibulale, amene kuseri kwake munthu salembako maganizo ake, ndipo m'mutu mwanga chinthu chofunika chinali cha inki. Za pensulo ndinkaziona ngati zawozawo. Ndinayankha kuti, "Tidzalowetsa, abusa, tikapeza mpata." Anagwedeza mutu, kumanga bokosi lawo ndi mphira uja, n'kunyamuka.

Anamwalira mu 1999. Patapita mwezi, mayi a kunyumba kwawo anandipeza kuntchito atanyamula bokosi lija m'chitenje. Anati bambo anasiya mawu akuti likakhale kwa ine.

Ndinali nditakopera ntchito yonse pa madisiketi atatu, aja ang'onoang'ono olowa 1.44 MB, n'kuwasunga m'envulopu m'kabati ya kunyumba. Patapita zaka zisanu ndinawatulutsa. Awiri anali atachita chuku ndi chinyezi cha dzinja. Lachitatu kompyuta inangolira nalo kwekwekwe, n'kunena kuti silikuwerengeka. Kompyuta yakale ija n'kuti itachotsedwa kale. Kaundula wa mabuku a laibulale anasamutsidwa bwinobwino kupita m'makina atsopano, chifukwa anali ndi eni ake omulondera. Malaibulale ambiri pambuyo pake anasamukiranso ku mapulogalamu ena monga Koha, imene inayambira ku New Zealand mu 1999. Koma kafayilo ka abusa kanalibe mwini pa ndandanda ya katundu, ndipo ine amene ndikanakalankhulira ndinadalira envulopu yanga. Miyezi isanu ndi itatu inapita choncho.

Apa ndiye pamene ndimaona kuti ife a m'malaibulale tinali ndi khungu. Tinkasamala za mashelefu athu, kabati yathu, kaundula wathu. Wowerenga akatuluka pakhomo ndi zolemba zake, tinkati zimenezo ndi zake. Chonsecho buku limene lili pashelefu yathu liliponso ku London ndi ku Lusaka, pamene bokosi la wowerenga ndi limodzi padziko lonse. Laibulale ya yunivesite ya Mzuzu itapsa mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa, abwenzi a kunja anatumiza mabuku ena. Ine usiku umenewo ndinkaganiza za mapepala amene analipo amodzi okha, amene palibe angawatumize.

Bokosilo ndinaliika m'sutikesi yachitsulo, pamwamba pa njerwa kuopa chiswe, ndi masamba a nimu m'kati kuopa njenjete. Ndinapuma ntchito mu 2010 ndipo linapita nane kumudzi.

Chaka chathachi kunabwera mtsikana pakhomo panga, chikwama cha laputopu kumsana. Anagwada, kundipatsa moni, n'kunena kuti ndi mdzukulu wa abusa aja. Akuchita digiri yachiwiri ya mbiri yakale, ndipo agogo ake aakazi asanamwalire anamuuza za bokosi. Ndinamuphikira nsima kaye. Titatha kudya anatsegula laputopu kuti andionetse mmene iye amasungira zake.

Pulogalamu yake ndi Zotero. Inapangidwa mu 2006 ku George Mason University ku America ndi anthu a mbiri yakale, ndipo ndi yaulere. Anandiuza kuti ena amagwiritsa ntchito Mendeley, imene kampani ya Elsevier inagula mu 2013, ena EndNote, imene ndi yakale kuposa zonsezi koma imafuna madola, chinthu chovuta kwa mwana wasukulu kwacha ikamagwa chonchi. Amene anamuphunzitsa ndi wa m'laibulale ya pakoleji pawo, amene amasonkhanitsa ophunzira m'chipinda cha makompyuta n'kuwayendetsa pang'onopang'ono. Nditamva zimenezo mtima wanga unakhala pansi. Ndiye kuti ana amene anatilowa m'malo atulukira pakhomo paja, akumutsatira wowerenga kumene akupita ndi zolemba zake. Iwo ali ndi zambiri zoti amuthandize nazo: kuchokera pamene ndondomeko ya HINARI inayamba mu 2002 ndi pamene malaibulale athu anapanga mgwirizano wa MALICO mu 2003, magazini a maphunziro amene ife tinkawadikira miyezi pa positi amafika pagalasi tsiku lomwelo.

Anatsegula nkhani ina pa intaneti, kukanikiza kachizindikiro kamodzi pakona, ndipo mlembi, mutu, chaka ndi masamba zinalowa zokha. Anatenga buku pashelefu yanga, kulemba nambala ya ISBN ya kuchikuto, nalonso linalowa. Kenako anandionetsa chimene chinandikhalitsa chete. Mndandanda wonse wa mabuku a kumapeto kwa pepala lake anausintha kalembedwe kuchoka pa APA kupita pa Chicago, kamodzi n'kamodzi. Ndinakumbukira ophunzira amene ankabwera kwa ine misozi ili m'maso, aphunzitsi atawabweza chifukwa cha mipumiro, ndipo ine ndinkatayipanso masamba khumi usiku pa nyali.

Ndinapempha kuti ndione bwino. Ndinavala magalasi n'kuyamba kutsika ndi chala. Pa nkhani ina, dzina loyamba la mlembi linali litalowa pamalo a dzina la bambo ake. Pa ina mutu wonse unali m'zilembo zazikulu. Mlembi mmodzi analowa katatu m'kalembedwe katatu, ngati Ntara uja. Ndinamuuza za makhadi okhala pamwamba pa kachitsulo: chimene makina akubweretsera, usachitsitse usanachione ndi maso ako. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye ndinamufunsa kuti muli zinthu zingati. Anati zoposa mazana asanu. Ndinafunsa kuti wawerenga zingati. Anaweramitsa mutu n'kunena zoona, kuti mwina theka. Sindinamudzudzule. Abusa sankatha kukhala ndi khadi la buku limene sanaligwire, chifukwa dzanja ndilo linkalemba. Iye chala chimodzi chimamukwanira, ndipo nkhokwe imadzaza msanga kuposa mmene munthu angadyere. Ndinangomufunsa ngati pulogalamuyo ili ndi kuseri.

Sanamve. Ndinapita kuchipinda, kutsitsa sutikesi, kumasula mphira umene unali utauma n'kuduka m'manja mwanga, n'kumupatsa khadi la mayi wa 1949 uja. Anawerenga kumaso. Ndinati atembenuze. Anawerenga pensulo ya agogo ake, yofufuma koma yooneka, ndipo anakhala nthawi yaitali osalankhula.

Kuseri kulipo, anatero pambuyo pake. Chinthu chilichonse ungachimatire kapepala ka maganizo ako, kautali mmene ungafunire, ndipo pofufuza mawu, pulogalamuyo imayang'ananso m'timapepalato. Iye anali asanalembemo kanthu. Anandionetsanso kuti pa mitundu ya zinthu, pambali pa buku ndi nkhani ya m'magazini, pali mtundu wa kucheza ndi munthu, wokhala ndi malo a wofunsidwa, wofunsa ndi tsiku. Pamalo a dzina ungasankhe kuti pakhale bokosi limodzi m'malo mwa awiri, ndiye mayi wodziwika ndi mfunda wake wokha amalowa osamupangira dzina la chizungu limene analibe.

Ndinamupempha zinthu ziwiri tisanayambe. Choyamba, kuti mwezi uliwonse azitulutsa zonse m'fayilo imene mapulogalamu ena angawerenge, monga RIS, n'kuisunga malo awiri, chifukwa pulogalamu imene lero ili pakamwa pa aliyense nayo idzafunditsidwa nsalu tsiku lina. Chachiwiri, kuti bokosi asalitaye akamaliza.

Iye naye anali ndi chake. Anatulutsa m'chikwama buku la nyimbo la agogo ake, lakuda, chikuto chosokedwa ndi ulusi. M'mphepete mwa masamba, pafupi ndi manambala a nyimbo, munali mayina olembedwa ndi pensulo ting'onoting'ono. Khadi lolembedwa 14 mwini wake anali pa nyimbo 14. Anthuwo ambiri anatisiya, koma ana awo alipo, choncho tinagwirizana kuti mayinawo salowa m'laputopu kufikira atakafika kumidziko kukapempha.

Tinayamba Lachiwiri m'mawa, pakhonde, mphasa itayalidwa. Makaseti ena anali atamatana, ena akumvekabe, ndipo amenewo anapita nawo kwa mnzake wodziwa kuwasamutsa. Makhadi tinkachita makumi atatu patsiku. Nthawi ino wowerenga ndinali ine, iye akutayipa. Ndikatha kumaso ndinkatembenuza, ndipo pamene pensulo yafufutika tinkalipendeketsa kudzuwa kuti tione mmene inakanda pepala.

Tsiku lachinayi magetsi anathima cha m'ma 3 koloko. Anayang'ana pakona ya galasi n'kunena kuti batire itipirira mphindi makumi anayi.

"Agogo, tipume?"

Ndinatenga khadi lotsatira. Linali la bambo wina amene anakafika ku Burma, kaseti nambala 31, ndipo pansi pake panalembedwa kuti "anaona".

"Lemba," ndinatero.